Gawo la Alamu Anga

"Ponya bulangetelo, iwe Khwangwala! Ukudikira chiyani?"

"Ndikudikira kuti mutseke pakamwa," ndinawayankha a Hiram, amuna anga, kenako ndinaliponya.

Linagwera pamutu penipeni pa nkhwaziyo. Ndinaigwira miyendo pamwamba pa zikhadabo, ngati munthu amene zala zake akuzifunabe, koma sinalimbane nane. Nkhwazi yabwinobwino sigwidwa ndi mayi wa nyamakazi m'mawondo, imakung'amba dzanja mpaka fupa. Iyi inangotsamira pachifuwa panga, ikupuma mobanika ngati mwana wa chifuwa.

Unali mwezi wa Novembala, madzi ataphwa, pagombe la kuseri kwa chilumba chathu. Tinaipeza itaima pamiyala, mapiko ali lende, mutu woyera uja uli zyolikezyolike. Nthenga za kumchira zinali zitada ndi zitosi zobiriwira.

"Ndi iwowo?" anafunsa a Hiram ataima patali, chipewa chili m'manja.

Ndinavundukula phazi lamanzere. Chala chimodzi panalibe.

"Ndi alamu," ndinatero.

Iwe Desmond, mdzukulu wanga, unali usanayambe n'kukwawa komwe, choncho mvetsera, sindibwereza. Ukudziwa kuti agogo ako aamuna anali a mbali ya Nkhwazi, ndipo ine, mayi ako ndi iweyo ndife a Khwangwala, popeza mwana amatsata mayi. Chimene sukudziwa n'chakuti chaka chimene tinaika m'manda mlongo wawo Verna, yemwe anali m'bale wawo yekhayo wotsala, nkhwazi yaikazi yoduka chala inabwera n'kuyamba kumanga chisa pamkungudza waukulu wa pagombe lija. A Hiram sananenepo kuti mbalameyo ndi Verna. Sanali munthu wa zimenezo. Anangoyamba kuitchula "mlongo wanga", ine n'kumati "alamu" mowaseka, mpaka nthabwala inasanduka dzina. Yaimuna, yocheperako thupi monga zimakhalira nkhwazi zazimuna, ankaitchula Mkamwini, ati chifukwa inkakhala pamudzi pa mkazi n'kumatuta nkhuni.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri nkhwazi ziwirizo zinkabwerera pachisa chomwecho, chaka chilichonse n'kuwonjezerapo mitengo, mpaka chinakula moti ine ndi iwe tikanagonamo osagundana. Ndipo zaka zonsezo, a Hiram akapha gwape, ankatenga matumbo, mapapo ndi zam'kati zonse n'kukaziyala pamwala wina wafulati pansi pa mtengowo. Ankaimba mluzu kawiri, n'kubwerera m'mbuyo. Ankati ndi gawo la mlongo. Malume awo ndi amene anawaphunzitsa kuti mlenje sadya yekha m'bale wake akuona.

"Tithamange nawo kwa dokotala, kandege kamanyamuka masana," ndinatero. "Gwirani mbali iyi."

Sanasunthe.

"Nyamula ndiwe. Ntchito imeneyo ndi ya a Khwangwala."

"Sanamwalire awa! Musandichititse udzukulu nthawi isanakwane."

Koma sindinapitirize kulongolola. Kwathu wa Nkhwazi akagwa, omunyamula ndi a Khwangwala. Ndife timasambitsa, ndife timakumba, ndife timapukuta misozi ya otsala. Ndinalowa m'boti mbalame ili pamiyendo, iwo n'kuliza injini. Mkamwini anatitsatira m'mwamba mpaka pansonga ya chilumba, akulira kulira kwawo kuja kopyapyala, kosayenerana ndi mbalame yaikulu choncho. Kenako anabwerera.

Ku tauni ya Sitka ndinapita ndekha pakandege kaja. M'Alaska monse munalibe munthu woopa ndege ngati agogo ako. Kumalo osamalira mbalame ndinalandiridwa ndi dokotala wina wamkazi, wamtali, dzina lake Noreen, wosataya nthawi ndi mawu okometsera. Ndinamukonda pachifukwa chimenecho. Anaitenga magazi, anaijambula, kenako anandiitanira m'kachipinda n'kupachika chithunzi cha m'kati mwa thupi pagalasi lowala.

"Mukuona apa, amayi?"

Pamimba panali timadontho toyera, ngati mchere wotayikira patebulo.

"Mchenga?" ndinafunsa.

"Mtovu. Wa zipolopolo."

"Palibe amene wawombera mbalameyi. Ndaifufuza thupi lonse, ilibe bala."

"Sanaiwombere ayi. Yachita kudya." Analoza ndi cholembera. "Chipolopolo cha mtovu chikalowa m'nyama sichikhala chathunthu. Chimamwazika tizidutswa tambirimbiri, tina tosaoneka ndi maso, ndipo tochuluka timatsalira m'mapapo ndi m'matumbo. Mimba ya nkhwazi imasungunula ngakhale mafupa a nsomba, ndiye mtovu umasungunukanso n'kulowa m'magazi. Kachidutswa konga njere ya mpunga n'kokwanira."

Ndinakhala pansi ngakhale sanandiuze kuti ndikhale.

"Kwanuko alenje amatani nawo matumbo akatumbula?" anafunsa.

"Kaya. Ine ndine wa kukhitchini."

Linali bodza loyamba. Agwape amene ndinatumbula ndi manja angawa ndi ochuluka kuposa amene mayiyo anawaonapo. Ndipo mutu wanga unali utawerenga kale zonse. Ali ndi maso akuthwa, a Hiram ankawombera pakhosi, matumbo n'kutsala oyera. N'chifukwa chake alamu anadya gawo lawo zaka zonsezo osadwala. Koma zaka ziwiri zomalizirazi maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Sanandiuze, koma wosenda chikopa ndinali ine, ndipo ndinkaona kuti bala lasamuka, lachoka pakhosi lapita pachifuwa, pamalo aakulu osavuta kuloza. Gwape womaliza anamupha masiku asanu tisanaipeze mbalameyo pamiyala.

Noreen anayesetsa. Ankaibaya jakisoni wotsuka magazi m'mawa ndi madzulo, n'kumaimwetsa madzi ndi kapaipi. Tsiku lachiwiri inadzutsa mutu n'kundiyang'ana ndi diso lachikasu lija, ine n'kuthamangira pafoni kukauza a Hiram kuti mlongo wawo wayamba mwano, achira. Tsiku lachitatu masana inayamba kugwedezeka thupi lonse. Noreen anati yachita khungu. Ndinaigwira phazi loduka chala lija mpaka inaleka.

Mtembo sanandipatse, lamulo silinkalola. Ndinabwerera ndi bulangete lokha.

A Hiram ndinawapeza padoko, ataima pamalo omwe ndinawasiya, ngati sanapite n'kunyumba komwe masiku onsewo. Anayang'ana bulangete lopindalo ndipo sanafunse ngati ali moyo.

"Akuti chinali chiyani?"

Ndinawayang'ana maso aja otuwa m'mbali, maso amene ankabisa ngati ngongole ya mowa. Ndinaganiza za Verna. Ndinaganiza za mwala wafulati ndi mluzu uja.

"Ukalamba," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Eya. Anabwera mutu utayera kale, ndiye kuti anali atakwanitsa zaka zisanu. Kuwonjezera makumi awiri ndi ziwiri. Anakhala, eti?"

"Anakhala."

"Ukalamba sulakwa," anatero, n'kunditengera chikwama.

Ndinadziona wanzeru. Ndinati nyama yadzaza kale mufiriji, chaka chino sapitanso kutchire, ndipo chaka chamawa chisanafike ndidzapeza njira. Mwina ndidzabisa zipolopolo, mwina ndidzauza bambo ako kuti awagulire zamkuwa ngati mphatso, popeza Noreen anati zimenezo sizimwazika. Ndinali ndi mapulani ambiri, ine mayi wochenjera.

Ndinaiwala phwando. Kumapeto kwa mwezi womwewo a mbali yawo ankakonza phwando lokumbukira mkulu wina amene anamwalira chaka chapitacho, ndipo mwamuna aliyense wa Nkhwazi ankayenera kubweretsa nyama yodyetsa ife alendo. Tsiku lina ndikuchokera kosoka mabulangete a gule ndi amayi anzanga, ndinapeza gwape atapachikidwa m'shedi. Bala linali pachifuwa.

"Zam'kati zili kuti?" ndinafunsa, mawu akutuluka mokwera.

"Funso lanji limenelo? Kumwala." Ankasamba m'manja, nkhope ili yowala koyamba chimwalirire mbalame ija. "Ndawasiyira zonse Mkamwini ndi mwana wa mlongo, ndi chiwindi chomwe. Ali pamaliro aja, adye. Mwana uja anatsika koyamba, ukanaona! Njala ngati ya kwa amayi ako. Ndine malume ake ine, ndikapanda kumuyang'anira amuyang'anira ndani?"

Mwana ankanenayo anali wa chaka chomwecho. Alamu anaswa ana awiri, koma wamkulu ankalanda chakudya chonse n'kumajompha mng'ono wake mpaka anafa, monga zimachitikira m'zisa zambiri. Wotsalayo anali wamkulu ngati mayi ake, koma wabulauni thupi lonse, mutu ndi mlomo womwe, wosadziwa kugwira nsomba bwino. Ankangodalira zakufa ndi zotola.

Pamenepo ndikanalankhula. Boti linali padoko, mafuta analimo, kunali kusanade. Ndikanapita ndekha kukakankhira zonse m'nyanja. Koma ndikanati ndikupita kuti? Ndinadziuza kuti akhwangwala ndi mbalame za kunyanja zathamangira kale, kuti mwina chipolopolo chinadutsa bwino, kuti si nthawi zonse. Ndinatenga mpeni n'kuyamba kusenda chikopa. Limenelo linali bodza lachitatu, ndipo ndinadzinamiza ndekha.

Patapita sabata anati nyama yaphwando yachepa, apitanso. Ulendo uno ndinavala majombo.

"Ukupita kuti, Khwangwala? Wamva fungo la matumbo?"

"Ndikukakuonetsani kumene kuli gwape, popeza inu mumawombera zitsa."

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwafupi.

Gwape anapezeka msanga, m'mphepete mwa nkhalango momwe chipale chofewa chinamuthamangitsira. Atamuwombera tinamutumbula, zam'kati n'kuziika m'ndowa, ndipo njira yonse ya kugombe lija ndinkatafuna mawu osawameza, osawalavula. Ndinkati ndinena tikafika pansonga ya chilumba. Tinadutsa pansongapo. Ndinkati ndinena tikakocheza. Tinakocheza.

A Hiram anatsogola ndi ndowa. Mkamwini anali pansonga ya mkungudza, mutu wake woyera ukuoneka ngati chipale chotsalira panthambi. Agogo ako anaimba mluzu kamodzi. Wachiwiri sunatuluke.

Mwana uja anali chigonere pafupi ndi mwala, chafufumimba, phiko limodzi litatambasuka, chipale chitamuwaza pamsana. Pansi pa mchira panali pobiriwira.

Anaika ndowa pansi. Anagwada, maondo akulira, n'kumutembenuza. Anamufufuza pachifuwa, m'mapiko, m'khosi, kufuna bala. Anakhudza zobiriwira zija n'kuyang'ana chala chawo nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Uyunso ndi ukalamba?"

Mkamwini anatsika nthambi imodzi, maso ali pandowa.

"Vundikirani ndowayo," ndinatero.

"Ndakufunsa funso."

"Vundikirani kaye, a Hiram, chonde!" Ndinavula jekete langa n'kuliponya pandowapo ndekha. Kenako ndinanena zonse, mwachangu, mosakometsera, ngati mmene Noreen anandiuzira. Za mtovu, za timadontho pachithunzi, za njere ya mpunga. Za bala limene linasamuka kuchoka pakhosi. Chimenecho ndikanatha kuchisiya, koma ndinali nditatopa ndi kusankha zoti adziwe.

Sanandidule mawu. Nditamaliza anachotsa jekete lija, anatulutsa mapapo a gwape n'kuwayala pamwala. Anatenga mpeni n'kuyamba kuwalenga timizere topyapyala ngati akukonza nsomba yoyanika, nkhope ili pafupi kwambiri chifukwa cha maso aja. Ankapapasa ndi chala. Patapita nthawi anaima. Pansonga ya mpeni panali kanthu kotuwa, kochepa kuposa nsabwe. Anakatikita pachikhadabo cha chala chachikulu ndipo kanasiya mzere wakuda.

"Aka?" anatero.

"Ako."

"Aka kokha?"

Anapukuta mpeniwo pabondo.

"Unadziwa liti?"

"Tsiku loyamba, ku Sitka."

"Ndiye pamene ndinkakuuza kuti mwana watsika koyamba, iwe n'kuti ukudziwa."

"Ndinkadziwa."

Ndinkayembekeza kuti akalipa. Ndikanakonda akanakalipa, popeza kukangana ndinkakutha. Koma analankhula motsitsa, akuyang'ana mbalame yakufayo.

"Mlongo wanga ndinamupha ine, osadziwa. Chimenecho ndikanachisenza, ndine wamkulu. Koma uyu..." Anatembenukira kwa ine. "Ntchito ya a Khwangwala ndi kutiuza zoona pamaliro, Marcella. Ife tikamalira sitiona. N'chifukwa chake mulipo. Iwe unandiona ngati mwana."

Zaka makumi anayi za ukwati anali asananditchulepo Marcella, kupatula pamaso pa abusa.

Fosholo tinalibe. Anatenga nkhafi ya m'boti n'kuyamba kukumba kumtunda kwa gombe, kumene madzi safika. Nthaka inali itauma gwa ndi kuzizira, nkhafi inang'aluka, anapitiriza ndi mpeni ndi manja. Nditagwada kuti ndithandize anandiletsa ndi dzanja.

"Matumbowa ndi anga. Iwe nyamula mwanayo, ndiye ntchito yako."

Ndinamukulunga m'jekete langa n'kukamuika m'boti, kuti tikamupereke kwa a zanyama monga mwa lamulo. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Pobwerera ndinapeza atakhuthulira ndowa yonse m'dzenje, akwirira, ndipo akusanja miyala pamwamba, yaikuluikulu, kuti chilombo chisafukule. Kenako anatunga madzi a m'nyanja n'kutsuka mwala wafulati uja, ndowa zisanu kapena zisanu ndi imodzi, akupala ndi mpeni m'ming'alu monse.

Nthawi yonseyi Mkamwini ankangoyang'ana. Anali atatsika mpaka nthambi yapansi penipeni, akupendeketsa mutu uku ndi uku. Zaka zonsezo mluzu unkatanthauza chakudya. Analira kamodzi.

A Hiram anavula chipewa.

"Pepani, achimwene," anatero. "Lero kulibe. Ndi mawa lomwe kulibe."

Paphwando lija anaimirira pamaso pa mudzi wonse, a Nkhwazi ndi a Khwangwala, n'kunena zimene mtovu umachita. Ananena za maso awo, zimene ankabisa zaka ziwiri. Za ine sanatchule. Ena anamva, ena anati nkhalamba yayamba kuzweta mutu, makolo athu ankasiya matumbo chikhalire. Iwo anayankha kuti makolo athu ankasaka ndi mikondo, n'kukhala pansi.

Anakhala zaka zina zinayi. Anagula zipolopolo zamkuwa, ndipo ndinawauza kuti ndi zimenezo akhoza kumasiyanso gawo pamwala, palibe choopsa. Anati amva. Koma ankakwirirabe. Anagula kafosholo kakafupi n'kumakamangirira kuchikwama, ndipo mluzu uja sindinaumvenso.

Chaka chotsatira imfa ya alamu, chipale chitayamba kusungunuka, tinapita kukaona chisa. Mkamwini ankatuta mitengo yekha. Ankathyola nthambi youma ali mouluka, n'kukaiika, n'kuisuntha, n'kuima pambali ngati akudikira wina woti aisunthenso, popeza alamu sankakhutira ndi poika iye. Anachita zimenezo pafupifupi mwezi. Kenako kunabwera yaikazi ina, ya zala zonse, ndipo chaka chomwecho anaswa ana awiri. Nkhwazi sizikhala pamaliro mpaka kale. Ndinawafunsa agogo ako kuti watsopanoyu timutcha ndani.

"Ndi nkhwazi, Marcella," anatero.

Sanandichitire nkhanza, usaganize zimenezo. Tinkadya limodzi, ankandiwazira nkhuni, nditadwala chibayo anandisamalira ngati khanda. Koma dzina lija la Khwangwala linakwiriridwa limodzi ndi matumbo aja. Ndinalidikira zaka zinayi, mpaka tsiku lomaliza kuchipatala, ndipo silinabwere.

Atamwalira, a mbali yathu atamaliza ntchito yawo, ndinkalongedza zovala zawo. M'thumba la jekete la kutchire ndinapeza kachitini ka fodya. M'kati munali kanthenga koyera kofewa, kamene ayenera kuti anakatola pabulangete lija, ndi kapepala kopindidwa kanayi. Nditakafunyulula ndinaona ngati mulibe kanthu. Ndinachita kuvala magalasi kuti ndikaone kachidutswa kotuwa kaja.

Ndiye mfuti ndi iyi, Desmond, wakhala ukuipempha nthawi yaitali. Zipolopolo zili m'bokosimo ndi zamkuwa, ndipo zikatha ukagule zamkuwa, usandiuze za mtengo. Kachitini aka kakhale m'thumba lako. Ukadzadziwa chinthu chowawa chokhudza munthu amene umamukonda, udzamuuze dzuwa lisanalowe, usadzachite ngati ine. Pukuta m'masomo, sindinakuitanire kulira. Tenganso fosholoyi. Gwira apa, pamene mpini unaterera ndi dzanja la agogo ako.